Thandizeni maganizo: andiitana ku maliro a ma Quaker, akuti kulibe abusa ngakhale nyimbo

Wobisa dzina: A admin ndibiseni dzina chonde. Ndili ku England, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Agogo amene ndinkawasamalira atisiya, ndipo ana awo andiitana ku mwambo wowakumbukira kwa ma Quaker komwe ankapemphera. Agogowa anali ndi umunthu abale. Anakana zoti ndiziwatchula Mrs, ankati mwa munthu aliyense muli kanthu ka Mulungu, palibe bwana palibe wantchito. Tiyi tinkamwera pa tebulo limodzi, ndipo manja atayamba kunjenjemera ine ndi amene ndinkawalembera makalata opita kwa akaidi. Pomwe a mpingo wanga, nditagonekedwa m'chipatala chaka chatha, palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzandizonda, koma uthenga wa chakhumi wokha sunaphonye. Ku ntchito nako andidula ma shifiti, lendi ikudikira, bambo akunyumba akungoti zako izo, apongozi kumudzi akufuna ya feteleza. Tsopano ndamva kuti kumeneko anthu amangokhala chete. Mtima suli m'malo. Nditani?

Bambo a Yamikani: Mayi, MUSAPITEKO! Ubatizo wa madzi alibe, mgonero alibe, m'busa alibe. Ndi mpingo umenewo? Nkhosa zopanda mbusa zimathera kwa afisi.

Nabanda wa ku Leeds: Pepani ndi zovutazi achemwali. Koma simunanene, akuitanani kuti mukangokhala nawo kapena akupemphani kuti mukalankhule? Ine ndinapitako ku maliro a mnzanga wa kuntchito. Mipando amaiika mozungulira, guwa palibe. Wina amafotokoza kaye dongosolo, kenako zii, pafupifupi ola. Amene wakhudzidwa mumtima amaimirira, kunena mawu ochepa za malemu n'kukhala pansi, ena samuyankha. Akulu awiri akagwirana chanza ndiye kuti mwambo watha.

Mjomba Fred: Ola lathunthu osatsokomola? Ine mkonono ungandiyalutse. Si aja ali pa paketi ya phala la oats aja?

Aphunzitsi Opuma: A Fred, kampani ya phalayo si ya mpingowu, inangotenga dzina. Gulu la ma Quaker linayamba ku England komweko cha m'ma 1652 ndi George Fox, ndipo nyumba ya Margaret Fell, Swarthmoor Hall, ndi kumene ankakumana. Ankawatsekera m'ndende chifukwa chokana kulumbira ndi kuvulira chipewa akuluakulu. Za makalata a akaidizo si zachilendo kwa iwo: Elizabeth Fry analowa m'ndende ya Newgate mu 1813 kukathandiza amayi ndi ana awo, nkhope yake mpaka inadzakhala pa ndalama ya £5. Mu 1947 mabungwe awo awiri analandira Nobel ya mtendere. Ana a masiku ano simuwerenga, vuto ndi limenelo.

Bambo a Yamikani: Nobel imalowetsa munthu kumwamba, aphunzitsi? Ndiye mwaulula nokha kuti amayi amaimirira n'kumalankhula mu mpingo. 1 Akorinto 14:34 munang'amba?

Aphunzitsi Opuma: Inunso Masalimo 46:10, paja pakuti khalani chete, munang'amba? Nanga Agalatiya 3:28, paja pakuti palibe mwamuna kapena mkazi?

Mayi a Mapasa: Za ma shifitizo zandikhudza ine. Gogo amene ndinkamusamalira atamwalira ndinakhala mwezi wopanda ntchito, ana ake sanandiuze n'komwe tsiku loika maliro. Ndinamvera kwa aneba. Inu mpaka akuitanani, mukudandaula chiyani? Ndipo apongoziwo auzeni adikire, ndalama sizitoledwa mumsewu kuno.

Mnyamata wa ku Nairobi: Bambo a Yamikani, si onse otero. Kuno ku Kenya ndi kumene kuli ma Quaker ambiri kuposa dziko lina lililonse. Amishonale a ku America anafika ku Kaimosi mu 1902, ndipo kuno ali ndi abusa, makwaya, ulaliki, zonse. Achete aja ndi monga a ku Britain kumeneko.

Bambo a Yamikani: Ndiye mwaona! Okhaokha sakugwirizana. Ine mlamu wanga ku Johannesburg anayamba chonchi, kungopita ku maliro a mpingo wachilendo, lero Baibulo lake lili pansi pa bedi. Ndanena ndanena.

Nachisale: Bambo inu mwatikwana. Munthu amene ankadya naye mbale imodzi asakamuperekeze chifukwa cha inu? Maliro salira khadi la mpingo. Achemwali valani zaulemu, zimitsani foni, fikani msanga mukhale pansi mwakachetechete. Palibe adzakukakamizeni kulowa mpingo.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Mayi a Mapasa mwanena zoona, apongozi ayimbanso m'mawa uno, akuti matumba awiri sakukwana. Abusa athu akamva kuti ndinapita sindikudziwa kuti zikhala bwanji.

Nabanda wa ku Leeds: Achemwali, funso langa lija simunayankhe. Akupemphani kulankhula kapena ayi? Ndipo mwambowo uli liti? Ngati mukufuna kuimba ka nyimbo kakwathu, afunseni anawo lero lomwe.

Bambo a Yamikani: Aimbire ndani poti kulibe ndi wotsogolera yemwe? A admin, nkhani ya ubatizo palibe wandiyankha.