Achimwene anga asayina pepala lovomera mlandu atamenyedwa, kodi basi zathera pomwepo?

Nachisale:
Abale ndithandizeni maganizo. Achimwene anga ndi akabaza. Lachinayi apolisi anawagwira, akuti foni yomwe anagula pamsika ndi yobedwa. Loweruka nditapititsa nsima ndinawapeza akutsimphina, mapazi ali otupa, ngakhale patapata osalowa. Akuti anawapanikiza ndi mafunso usiku wonse, kenaka wapolisi wina analemba pepala m'Chingerezi n'kuwauza kuti "sayinani apa muzipita kwanu". Munthu woti sukulu analekezera Sitandade 6. Anasayina, koma mpaka lero Lolemba adakali m'chitokosi. Kodi pepala limenelo lawamaliza?

Mbewe wa ku Area 25:
Pepani achemwali. Pepalalo amalitcha caution statement. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994 aja, limati munthu akamangidwa auzidwe msanga kuti ali ndi ufulu wokhala chete, achenjezedwenso kuti zomwe anganene zingathe kumutembenukira. Gawo lomwelo limaletsa kukakamiza munthu kuvomera mlandu. Komanso amayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, pokhapokha ngati nthawiyo yathera pa tsiku loti makhoti sagwira ntchito. Lero Lolemba palibenso chowiringula.

Gogo Chatha:
Zapapepala izo a Mbewe. Ukhale chete chibonga chili m'mwamba?

Mai a Tadala:
A Mbewe akunena zoona, koma tisamunamize mwanayu kuti pepalalo khoti lingolitaya. Ine ndakhalapo m'makhoti a majisitireti nthawi yaitali ndikuthandiza omangidwa. Pali gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kazengedwe ka milandu yaupandu, lomwe limalola kuti pepala lovomera mlandu lilandiridwe ngakhale mwiniwake akunena kuti anachita kuumirizidwa. Lamulo limeneli ine limandinyansa, ndipo maloya ambiri amati likutsutsana ndi gawo 42, koma lilipobe. Poti pali mpata ndi apa: khoti silingadalire pepalalo pokhapokha litakhutira popanda chikaiko kuti ananena mawuwo ndi iyeyo, komanso kuti zolembedwazo ndi zoona.

Ndiye achimwene anuwo akawawerengera mlandu aukane, anene kuti sakuvomera. Ambiri amagwera pomwepa, amaona ngati poti anasayina kupolisi ndiye kuti akuyenera kuvomeranso pamaso pa majisitireti. Ayi ndithu. Amuuze majisitireti tsiku loyamba lomwelo kuti anamenyedwa, aonetse mapaziwo asanaphwe, apemphe kupita kuchipatala kuti pakhale lipoti la dokotala. Anenenso kuti pepalalo sanawamasulire m'Chichewa. Inuyo thamangirani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osatha kulipira loya, ndipo za kumenyedwazo mukhoza kukadandaula ku Independent Complaints Commission, bungwe lomva madandaulo okhudza apolisi.

Nachisale:
Zikomo kwambiri amayi. Mayi athu amawalimbikitsa kuti angovomera kuti awamvere chisoni, ndiwaimbira pompano. Mnyamata amene anawaperekeza pogula foniyo ndamupeza, wati abwera kukhoti. Mapazi aja ndinawajambula Loweruka lomwelo wapolisi atatembenuka.