Kodi mwambi wakuti "madzi saiwala khwawa" ukunena ndani pa mikangano ya m'dziwe losambiramo?

Funso, kuchokera kwa mayi wokhala ku Britain

Akuluakulu nonse amene mumadziwa bwino miyambi yathu, ndikupempha kuti mundimasulire mwambi wakuti "madzi saiwala khwawa". Nthawi zambiri ndimaumva pamene mwamuna ndi mkazi amene anasiyana ukwati abwererana, kapena pamene wosewera mpira wabwerera ku timu yake yakale. Koma azakhali anga a ku Nkhotakota anaupha pa nkhani ina yosiyana kwambiri ndi zimenezi, ndipo nditawafunsa tanthauzo lake anangoseka n'kunena kuti iwo sangaphe mwambi n'kuumasuliranso okha.

Nkhani imene ndinkawafotokozera ndi ya maiwe osambiramo a kuno. Ambiri mwa maiwe a khonsolo ndi aatali mamita 25, ndipo m'mamawa, anthu asanapite ku ntchito, amawagawa m'mizere ndi zingwe zoyandama. Kumutu kwa mzere uliwonse amaikako chikwangwani chosonyeza kuti uwu ndi wa osambira pang'onopang'ono, uwu ndi wa apakatikati, uwu ndi wa aliwiro, pamodzi ndi muvi wosonyeza mbali imene anthu azizungulira nayo kuti asagundane mitu. Chikwangwanicho sichinena kanthu za mwamuna kapena mkazi. Komabe pali amuna ena amene amangofika n'kudumphira mu mzere wa aliwiro osayang'ana n'komwe mmene anthu amene ali kale m'madzimo akusambirira. Mkazi akawapeza n'kuwakhudza phazi, chomwe ndi chizindikiro chodziwika chopemphera njira, iwo m'malo moima pakhoma amawonjezera mphamvu, kumenya madzi mpaka thovu, ndipo akafika pakati pa dziwe mpweya wawathera, moti wakumbuyo uja amakakamizika kusambira mozengereza. Ena amakhala ataima pakhoma akupuma, koma akangoona kuti mkazi wayandikira kuti atembenuke, nthawi yomweyo amadzikankha n'kuyamba kutsogolo kwake. Zimenezi sachita mwamuna mnzawo akawapeza.

Apa ndi pamene azakhali anati madzi saiwala khwawa. Kodi ankatanthauza kuti amunawa akulowa m'dziwe ndi chizolowezi chawo chakale chofuna kukhala patsogolo pa mkazi? Kapena ankatanthauza kuti amuna ndi akazi sanalengedwe kuti azisamba malo amodzi, ndipo tsiku lina tidzabwerera ku mwambo wa makolo? Ndikufunsa chonchi chifukwa maiwe ena kuno ali ndi maola a akazi okhaokha.

Yankho, kuchokera kwa bambo wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito ku Zomba

Mayi, mwafunsa bwino, ndipo kuti timve mwambiwu tiyambe ndi khwawa lenilenilo. Khwawa si mtsinje umene umayenda chaka chonse ngati Shire kapena Bua. Ndi njira imene madzi anakumba kalekale potsika m'phiri, yomwe m'chilimwe imauma gwa, udzu n'kumera, ana n'kumaseweramo, ndipo mvula ikakhala yochepa kwa zaka zingapo anthu amayamba kulimamo ngakhale kumangamo nyumba. Mvula yaikulu ikabwera, madzi safunsa kuti pano pali nyumba ya yani. Amene anali ku Blantyre mu Malichi 2023, pa nthawi ya namondwe Freddy, anaona madzi ndi matope zikutsika m'phiri la Soche n'kusesa nyumba ku Chilobwe, ndipo palibe amene amafunanso kumasuliridwa mwambiwu kumeneko. Tanthauzo lake ndi lakuti chinthu chimene chimaoneka ngati chinatha nthawi zina chimakhala kuti changouma, ndipo mpata ukapezeka chimabwerera mmene chinkayendera kale. Pa wokha mwambiwu suyamikira ndipo sudzudzula. N'chifukwa chake umakwanira kwa okwatirana amene agwirizananso, umakwaniranso kwa wakuba amene wabwerera ku umbava atangotuluka m'ndende.

Popeza azakhali anu ndi a kunyanja, ine ndikuganiza kuti ankanena za dooko. Mawu amenewa ana a m'tauni ambiri sawadziwanso: dooko ndi malo a m'mbali mwa nyanja kapena mtsinje pamene anthu amakocheza mabwato, kutunga madzi, kuchapa ndi kusamba. M'midzi yathu munkakhala dooko la amuna ndi dooko la akazi, motalikirana ndithu, ndipo ngakhale mwana wamng'ono ankadziwa kwake. Ngati njira inali yodutsa pafupi ndi pamene akazi akusamba, mwamuna ankaima patali n'kufuula odi, ndipo sankasuntha mpaka atayankhidwa kuti adutse. Wongotulukira mwakachetechete ankaonedwa ngati munthu wopanda mwambo, ndipo nkhani yake inkatha kufika kwa amfumu. Munthu amene anakula ndi zimenezi akamva kuti amuna ndi akazi akukanganirana kanjira kamodzi m'madzi, n'kutheka kuti amaona kuti maola a akazi okhaokha amene mwatchulawo ndi madzi amene akubwerera m'khwawa lake.

Yankho, kuchokera kwa bambo wina amene amasambira ku London

Bambo athu a ku Zomba, tathokoza chifukwa cha khwawa, koma pa za dooko ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono mwaulemu. Pa dooko anthu ankasamba, kutanthauza kuti ankavula, ndipo mwambo wa odi unkateteza maliseche a munthu. M'dziwe losambiramo aliyense wavala chovala chake chosambirira, ndipo chimene anthu akulimbirana ndi mpata. Ngakhale m'dziwe la mipikisano ya Olympic, lotalika mamita 50, mzere umodzi ndi wotambalala mamita 2.5 okha, ndipo m'maiwe ang'onoang'ono mizere imakhala yopapatiza kuposa pamenepo. Mukaikamo anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, wina akusambira chagada osaona kutsogolo, wina akutambasula miyendo ngati chule, mkangano ungabuke ngakhale onsewo atakhala amuna okhaokha.

N'chifukwa chake pali malamulo amene osambira amadziwana okha. Usanalowe umakhala pakona ya mzere, miyendo ili m'madzi, mpaka amene akusambirawo akuone. Ukafuna kupuma umaima pakona kuti pakati pa khoma pakhale poyera potembenukira anzako. Wina akakukhudza phazi umamaliza mpaka kukhoma, n'kumusiya adutse. Ku America anthu amasambira kudzanja lamanja la mzere, pamene kuno ku Britain maiwe ambiri amasinthanitsa, mzere uwu kuzungulira chakuno, woyandikana nawo kuzungulira chauko, n'cholinga chakuti amene ali mbali ziwiri za chingwe chimodzi azipita kumodzi ndipo manja awo asamaombane. Mlendo amene sadziwa zimenezi amalakwa popanda njiru iliyonse, ndipo si amuna okha amene amatseka khoma. Ndaonapo amayi awiri atatsamira pakati penipeni akucheza, osambira akusowa pogunda phazi.

Ndisanamize, achemwali amene mwafunsa funsoli, zimene mwafotokozazo zimachitikadi, ndipo m'chipinda chovulira amuna ndamvapo wina akudandaula mokweza kuti wapitiriridwa ndi mkazi, ngati kuti wabedwa katundu. Koma mankhwala ake si kugawa madzi. Amene akufuna madzi ogawa alipo kale malo awo: ku Hampstead Heath, kumpoto kwa London, kuli dziwe la amuna, dziwe la akazi ndi dziwe la onse, ndipo anthu amasankha okha. Kumeneko ndiye dooko la azakhali anu lingafanane nako. Koma mayi amene akufuna kusambira makilomita awiri asanapite ku ntchito akufuna mzere wogwirizana ndi liwiro lake, osati kumupatula.

Yankho, kuchokera kwa mayi wophunzitsa ana kusambira

Ine chimene chikundidetsa nkhawa ndi mmene mwambiwu umathera m'kamwa mwa anthu. Kawirikawiri ukanenedwa pa khalidwe la mwamuna, umatuluka ngati kunena kuti amuna ndi otero, musavutike nawo, ndipo mkazi wodandaulayo amauzidwa kuti asamukire mzere wa apakatikati kuti pakhale mtendere. Akatero iye ndi amene amayamba kusowetsa mtendere anthu a mu mzere umenewo, chifukwa liwiro lake silawo, pamene wolakwa uja watsala yekha m'mzere waukulu akupuma mwaufulu.

Ngati pali khwawa pa nkhaniyi, tidziwe kuti linachita kukumbidwa ndi anthu. Amuna anayamba kupikisana pa kusambira ku Olympic mu 1896, koma akazi analoledwa koyamba mu 1912 ku Stockholm, kumene Fanny Durack wa ku Australia anapambana pa mamita 100. Mu 1926 Gertrude Ederle wa ku America anasambira kuwoloka nyanja ya pakati pa France ndi England m'maola osakwana 15. Amuna asanu okha ndi amene anali atawolokapo iye asanatero, kuyambira Matthew Webb mu 1875, ndipo Ederle anaposa waliwiro kwambiri mwa iwo ndi pafupifupi maola awiri. Ngakhale zinali choncho, mpikisano wa mamita 1500, umene amuna akhala akuuchita ku Olympic kuyambira 1908, akazi anaupatsidwa koyamba ku Tokyo mu 2021, ndipo amene anapambana anali Katie Ledecky wa ku America. N'zoona kuti pa akatswiri okhaokha amuna amaposa akazi pa liwiro, koma m'dziwe la khonsolo simukhala akatswiri okhaokha. Kusambira kumadalira luso la kapumidwe ndi kagonedwe ka thupi pamadzi kuposa kukula kwa mapewa, moti mayi wa zaka 50 amene anaphunzira bwino ali mwana amamusiya kutali mnyamata wamphamvu amene amadzutsa mutu nthawi iliyonse akafuna mpweya. Mnyamatayo akayang'ana chikwangwani cha aliwiro amadziyesa ndi thupi lake, osati ndi wotchi ya pakhoma.

Achimwene a ku London, palinso china chimene simunachitchule. Si mkazi aliyense amene amapita ku maola a akazi okhaokha chifukwa cha liwiro. Ena amapita chifukwa cha chipembedzo chawo, ena chifukwa anatopa ndi dzanja limene limakhudza ntchafu m'malo mwa phazi kenako mwiniwake n'kunena kuti sanaone, ena chifukwa cha abambo amene amakuimitsa pakhoma kuti akuphunzitse kaponyedwe ka mkono pamene iwe wangowapitirira kumene. Pamenepa mwambo wa dooko suli kutali monga mwanenera.

Yankho lachiwiri la bambo a ku Zomba

Amayi ophunzitsa ana, mwalasa pamene ndinalambalala. Akuluakulu akamanena kuti madzi saiwala khwawa sankauza munthu kuti akhale pansi manja ali m'khosi kudikira kukokoloka. Ankachenjeza kuti usamange m'khwawa, kapena ngati wamanga kale, ukumbe ngalande mvula isanagwe. Woutenga mwambiwu ngati chikhululukiro cha mwano waupotoza. Ndikuvomerezanso kuti tanthauzo loyamba limene mayi wofunsa anapereka likukwanira bwino kuposa langa, chifukwa mwamuna amene pa msonkhano salola mkazi kumaliza mawu ake ndi yemweyo amene m'madzi sangalole kuti mkazi amudutse, ngakhale chikwangwani chitalembedwa m'zilembo zazikulu bwanji.

Ndaganizanso za mwambi wina umene tikadamuphera mwamuna woteroyo, wakuti "mwamuna mnzako ndi pachulu, umalinga utakwerapo", umene umachenjeza munthu kuti asapeputse mnzake asanayesane naye mphamvu. Koma taonani mmene makolo anauumbira: ukunena za mwamuna mnzako. Amene anaupeka sankaganiza kuti wopikisana naye angakhale mkazi, ndipo mwina n'chifukwa chake mnyamata amene anakula akuumva amapereka njira msanga kwa mwamuna mnzake koma kwa mkazi amaumitsa khosi. Pa dooko funsoli silinkabuka n'komwe, popeza mwamuna ndi mkazi sankakumana m'madzi amodzi kuti adziwe waliwiro ndani.

Yankho lachiwiri la mayi wophunzitsa ana kusambira

Zikomo bambo. Kwa achemwali amene mwafunsa, pa nkhani ya m'madzimo ndinganene izi. Mukamukhudza phazi munthu kamodzi, kawiri, iye osaima pakhoma, musalimbane naye pomupitirira pakati pa mzere, chifukwa wobwera kuchokera mbali inayo ndi amene mungagundane naye. Ngati kutsogolo kuli poyera mungathe kutembenukira panjira musanafike kukhoma, n'kupezeka kuti muli patsogolo pake popanda kukhudzana. Akapitiriza kudzikankha patsogolo panu, lankhulani ndi wolondera padziwe amene amakhala pampando wautali uja. Kusamutsa munthu kuchoka mu mzere wosayenera liwiro lake ndi mbali ya ntchito yake, ngakhale kuti olondera ambiri ndi achinyamata amene amachita manyazi kuuza bambo wamkulu kuti achoke mu mzere wa aliwiro pokhapokha wina atawapempha. Mukamawapempha musanene kuti mwamunayo akukuvutitsani chabe, koma muwauze kuti ayang'ane wotchi kwa maulendo awiri kapena atatu aone okha amene akutsekereza mnzake.