Ndikufuna kuphika chakudya cha Thanksgiving kumudzi kwa apongozi, ndiyambire pati?

Mtengwa wa ku Ohio:
Moni nonse. Ine kwathu ndi ku Ohio, ku America, koma ndili pa chitengwa ku Ntcheu, kufupi ndi Lizulu. November akamayandikira ndimapukwa kwambiri, chifukwa Lachinayi lina chakumapeto kwa mweziwu kwathu kumakhala Thanksgiving, chikondwerero chothokoza. Banja lonse limasonkhana pa tebulo limodzi, mayi anga amawotcha nkhukundembo yathunthu mu uvuni kuyambira m'mawa, pamakhala mbatatesi yoponda, buledi wa ufa wa chimanga ndi chitumbuwa cha maungu. Tisanadye, aliyense amatchula chimene akuthokoza chaka chimenecho.

Chaka chino ndikufuna ndiphikire anthu a pamudzi pano, chifukwa andidyetsa kosawerengeka. Nditadwala malungo, mayi wina woyandikana nafe ankabwera ndi phala la mgaiwa lotsira nsinjiro m'mawa uliwonse, popanda womupempha. Kudutsa pakhomo anthu akudya, umangomva "tiyeni kuno", beseni la madzi lafika kale. Kwathu zimenezi kulibe. Munthu amaitanidwa masabata angapo tsiku lisanafike, mipando imawerengedwa, ndipo amauzidwa chakudya choti abweretse. Ndiye vuto langa ndi ili: ndikaitana ena, otsalawo sadandaula? Ndikauza anthu kuti aliyense abwere ndi kambale, si mwano? Sindikufuna zioneke ngati mzungu akuonetsa chuma nthawi imene nkhokwe zayamba kupepuka.

Gogo wa ku Tsangano:
Mwana wanga, mwachita bwino kufunsa musanagule kanthu. Poyamba khalani pansi ndi apongozi anu aakazi, muwafotokozere ngati mmene mwatifotokozeramu. Mudzi ndi wawo, akudziwa amene sangasiyidwe, ndipo ndi iwo amene akadziwitse amfumu. Inu musayende khomo ndi khomo kuitana anthu.

Zowerenga mipando ziiwaleni. Mukaitana anthu khumi phikirani ochuluka kuposa pamenepo, chifukwa aliyense abwera ndi mwana kumsana, wina kumanja, ndipo wodutsa m'njira sabwezedwa. Chakudya sichichepa, chimachepa ndi chovala. Nsima isasowe. Mbatatesi yoponda adya ndithu, kwathu kuno ndiye kwawo kwa kachewere, koma popanda nsima akafika kunyumba akanena kuti agona ndi njala. Nyemba zikhale mphika waukulu, kabichi wa pa Lizulu, thobwa muyambe kukonza masiku angapo m'mbuyo kuti chimera chigwire bwino. Nkhukundembo ikavuta, nkhuku zachikuda zikwana. Nthutumba musaiponye mu mphika wa ana, ipite m'mbale ya apongozi aamuna kapena mlendo wamkulu.

Za kambale zija ayi, makamaka mwezi umenewu. Pali mabanja amene ufa watsala wa m'kathumba, ndipo mukatero angokhala kunyumba chifukwa cha manyazi. Apempheni manja. Amayi abwera okha ndi mithiko, nkhuni ndi ndowa za madzi monga timachitira pa ukwati, ndipo pamenepo chakudyacho chimakhala cha tonse.

Mlamu wa ku South Bend:
Alamu, ine ndili mbali inayo, ku Indiana, ku America, ndiye ndikumva bwino zimene mukusowa. Anzanga a kutchalitchi atandiitana ku Thanksgiving anandiuza ola lofikira ndi chakudya chobweretsa. Ndinapita ndi mandasi, anatha onse. Chimene chinandikhudza ndi pamene tinazungulira tebulo, gogo wina wamwamuna n'kunena kuti akuthokoza kuti mkazi wake watuluka m'chipatala, misozi ili mbwembwembwe, adzukulu akumvetsera. Ife timathokoza kwambiri m'pemphero ndi m'nyimbo, koma kuuzana pamaso sitichita kawirikawiri. Mbali imeneyo musaisiye. Kungoti musayembekezere tebulo limodzi. Abambo akhala pa mipando pansi pa mtengo, amayi pa mphasa chakukhitchini, ana paokha ndi beseni lawo. Mulankhule onse asanagawikane, pemphero litangotha. Buledi wa chimanga uja musavutike naye, alamu anu amadziwa kuphika chigumu, makala pansi makala pamwamba pa chivundikiro.

Mlimi wa ku Dedza:
Ine ndisiyana nawo pang'ono anzangawa. Kumapeto kwa November ndi nthawi yolakwika. Mvula yoyamba ikagwa, munthu aliyense ali kumunda ndi khasu kubzala, ena ali pa ganyu kuti apeze ya feteleza. Lachinayi masana simupeza munthu pamudzi kupatula nkhalamba ndi ana. Maungu kulibenso, alipo ndi mango basi. Kwanu mumachita November chifukwa ndi pamene mwamaliza kukolola. Ifenso tili nacho chikondwerero chotere, Masika, pamene timanyamula chimanga, mtedza ndi maungu kupita nazo kutchalitchi tikakolola. Bwanji osadikira June, nkhokwe zili zodzaza, aliyense angathe kubweretsa kanthu mosaumira? Pamenepo kambale kanu kaja kagwira ntchito popanda wochita manyazi.

Mtengwa wa ku Ohio:
Zikomo nonse. Agogo, madzulo ano ndikhala pansi ndi apongozi, ndipo za kambale ndazisiya. Abambo a ku Dedza, mfundo yanu ndi yoona, ndipo pa Masika ndidzaphika chitumbuwa cha maungu chija. Koma November sindimusiya. Abraham Lincoln, yemwe anali pulezidenti wa America, analengeza tsikuli kuti likhale la dziko lonse mu 1863, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, mabanja ambiri ali pa maliro, ndipo mayi anga ankatikumbutsa zimenezi chaka chimene bambo anachotsedwa ntchito. Mwezi umene anthu akudya kamodzi patsiku ndi umene ndikufuna mphika waukulu ukhale pamoto. Ndisuntha tsiku likhale Loweruka madzulo, anthu ataweruka kumunda. Funso lina: ndikaphika nyemba ndowa imodzi, ufa ndikonze wochuluka bwanji?

Gogo wa ku Tsangano:
Musayeze nokha. Kagayitseni thumba lonse la makilogalamu 50, amayi ophikawo akaona anthu adziwa okha. Wotsala mugawire amene agwira ntchito kukhitchini, aliyense kambale kake popita.