Kodi madzi a m'zimbudzi za tauni ya Mangochi amathera kuti, ndipo amawalondera ndani?

Mphunzitsi wa kwa Mponda:
Akuluakulu, ndili ndi funso lomwe landivutitsa kwa masabata angapo. Tsiku lina m'bandakucha, ndikupalasa njinga kupita ku sukulu, ndinapeza galimoto yopopa zimbudzi itaima m'mphepete mwa dambo lomwe madzi ake amakagwera mu Shire, paipi yake ili pansi, ikukhuthula zonse zomwe inanyamula. Fungo lake linandikakamira m'malaya mpaka nthawi yoweruka. Mamita ochepa kunsi kwake, amayi amachapa ndi kutsuka mbale, ana nkumasambira. Kodi pali lamulo loletsa zimenezi, ndipo munthu angakadandaule kwa yani?

Wopuma pa ntchito ya zaumoyo:
Aphunzitsi, lamulo lilipo ndithu. Lamulo loona za madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, ndipo palibe munthu, kampani kapena khonsolo yololedwa kutayira madzi oipa mumtsinje kapena m'nyanja popanda chilolezo cha bungweli. Lamulo la zachilengedwe la 2017 nalonso linabweretsa bungwe loteteza zachilengedwe la Malawi Environment Protection Authority (MEPA), pamene a Malawi Bureau of Standards ndi amene amaika miyeso ya uve womwe madzi otayidwa sayenera kupitirira.

Choyamba chomwe amayeza ndi chomwe akatswiri amachitcha BOD, kutanthauza kuchuluka kwa mpweya wa okosijeni womwe tizilombo timatha pamene tikuwoletsa zonyansazo. Uve ukachuluka, mpweya umatha m'madzi ndipo nsomba zimabanika. Amayezanso tizilombo tochokera m'chimbudzi cha anthu, ndi michere yomwe imanenepetsa ndere ndi namasupuni. Kasiyeni dandaulo lanu ku ofesi ya zachilengedwe ya ku khonsolo, mwa kalata osati pakamwa, ndipo mutenge kope lodindidwa chidindo.

Mayi wa geni ya nsomba, ku Malombe:
Bambo, mwafotokoza bwino, koma chilolezo chomwe mukunenacho ndikuona ngati anachikonzera mizinda ya mapaipi a suweji monga Blantyre ndi Lilongwe, komwe munthu angathe kuima pa kamwa ya paipi ndi botolo nkutunga madzi okayeza. Kuno kwathu nyumba zambiri zimadalira zimbudzi zokumba ndi maseputiki thanki, dothi lake ndi lamchenga, ndipo mukakumba pang'ono chabe mwapeza kale madzi. Nyanja itakwera mu 2024, malo ogona alendo ndi nyumba za m'mphepete mwa nyanja zinamira, ndipo zimbudzi zake sizinatsale pamtunda. Zonsezo zimatsika ndi Shire kudzatipeza ife ku Malombe, nyanja yosaya yomwe chambo chake chinachepa kale. Uve woterewu ulibe paipi imodzi yoti mukaiyeze.

Wopuma pa ntchito ya zaumoyo:
Mayi, pamenepo sindingakutsutseni, ndipo ndi chifukwa chake ndimanena kuti ku Mangochi lamulo liyenera kulondola galimoto yopopa zimbudzi kuposa paipi. Mwini galimoto iliyonse akhale ndi chiphaso cha khonsolo, ndipo ulendo uliwonse ukhale ndi lisiti losonyeza komwe wapopa ndi komwe wakataya, kuti mwini loji kapena sukulu athe kuonetsa lisitilo akafunsidwa. Koma chindapusa chokha sichingathandize ngati malo ovomerezeka otayirako ali kutali kapena sakusamalidwa, chifukwa dalaivala amene akuwerengera mafuta adzasankha dambo lapafupi nthawi zonse.

Mwayi wathu ndi kutentha komwe timadandaula nako. Maiwe oyeretsera madzi oipa, ngati aja a ku Kauma mu Lilongwe, safuna magetsi: m'dziwe loyamba, lomwe ndi lakuya, zolemera zimadikha nkuwola, m'lachiwiri ndere ndi tizilombo zimamaliza ntchito, m'lomaliza, lomwe ndi losaya, dzuwa limapha tizilombo toyambitsa matenda. Chomwe chimagwetsa maiwe otere ndi kusachotsa matope ndi kusadula udzu, ntchito yosaoneka yomwe bajeti zambiri zimaiiwala. Ife amene tinaona kolera wa 2022 ndi 2023, yemwe anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Mangochi ili m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, sitiyenera kukumbutsidwa mtengo wake.

Wokhala ku Ndirande:
Ndilowerereko pang'ono, ngakhale ndili kutali. Madzi ambiri omwe timamwa mu Blantyre amapopedwa ku Walker's Ferry, pa Shire yemweyo, ndipo namasupuni ndi zomera zina zoyandama zimavutitsa makina a magetsi ku Nkula. Komabe tisaloze chala Mangochi yokha, pakuti aliyense wodutsa pa mlatho wa Mudi amadziwa zomwe ife tauchita mtsinje wathu.

Mphunzitsi wa kwa Mponda:
Zikomo nonse. Nambala ya galimoto ija ndinailemba kuseri kwa buku langa lokonzera maphunziro tsiku lomwelo. Kalata ndiilemba usiku uno, ndipo ndiyamba ndadzera kwa amfumu kuti asainireko, popeza dambolo lili m'mudzi mwawo.