Kireni ndi drone pafupi ndi bwalo la ndege, chilolezo n'chofunikadi?

Kapitawo wa zomanga:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tikumanga nyumba yosungiramo katundu pamtunda wa makilomita 2 kuchokera pomwe msewu wa ndege wathera, molunjika ndithu. Tikufuna kubweretsa kireni yokwezera zitsulo za denga, ndipo mkono wake ukaimirira umafika mamita 45. Abwana akuti nyumbayo ndi yaifupi, kireni sikhalitsa, ndiye palibe chopemphera chilolezo. Akufunanso kuti mnyamata wina azijambula ntchitoyo ndi drone. Ine mtima sukukhazikika, chifukwa ndege zikamadutsa pamwamba pathu matayala amakhala atatuluka kale, timachita kuwaona bwinobwino.

Woyeza malo:
Akapitawo, musaimike kireniyo musanalankhule ndi a bwalo la ndege. Sayang'ana msinkhu wa nyumba yokha ayi, amayang'ana chilichonse chotalika, ngakhale chitaima tsiku limodzi. Malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a pandege padziko lonse, m'gawo lawo lokhudza mabwalo a ndege lotchedwa Annex 14, amaika malire osaoneka mumlengalenga kuzungulira bwalo lililonse. Pamisewu ikuluikulu ya ndege, malire a mbali imene ndege zimatsikira amayamba mamita 60 kuchokera kumapeto kwa msewu, n'kumakwera mita imodzi pa mamita 50 alionse. Werengani nokha: pa makilomita 2 ndi mamita 40 osakwana n'komwe. Ngati malo anu ali mulingo umodzi ndi msewuwo, kireni yanu yaboola kale malirewo, ndipo ngati muli pachitunda ndiye zaipiratu.

Mukawalembera, amafuna malo enieni a kireni, kutalika kwa mkono utaimirira mpaka mapeto, masiku ndi maola a ntchito. Iwo amatulutsa NOTAM, uthenga wochenjeza oyendetsa ndege. Mwina adzakuuzani kuti muzigoneka mkono nthawi zina, kapena mupeze kireni yaifupi. Yambani msanga: ku America, bungwe loona za maulendo a pandege la FAA limafuna kudziwitsidwa kutatsala masiku 45. Dziko lililonse lili ndi nthawi yake, choncho funsani bungwe loona za maulendo a pandege kwanuko.

Wojambula ndi drone:
Za drone zo ndiye ayi ndithu, bambo. Anthu amangomva kuti drone imaloledwa kukwera mpaka mamita 120 n'kuganiza kuti ndi paliponse. Ndege potera imatsika pa madigiri 3, kutanthauza kuti pamene inu mulipo imakhala pafupifupi mamita 120 omwewo kuchokera pansi. Drone ili ndi batire ndi timamota tolimba, si mbalame, ndipo woyendetsa ndege sangaione nthawi ikadalipo. Mu Disembala 2018 bwalo la ndege la Gatwick, ku England, linatsekedwa anthu atanena kuti aona ma drone, maulendo pafupifupi 1,000 anasokonekera. Mnyamatayo akwere pamalo okwera ajambule ndi kamera wamba, pokhapokha a bwalo atavomera polemba.

Woyendetsa kireni:
Musaiwale nyali yofiira pansonga ya mkono, ndipo wina aziiona madzulo alionse ngati ikuyaka. Mkono wa kireni ndi woonda, kukachita nkhungu suoneka. Mu Januwale 2013 helikopita inagunda kireni ku Vauxhall, mu London, kuli nkhungu, ndipo anthu awiri anafa, mmodzi akungodziyendera pansi. Ine sindikweza mkono pafupi ndi bwalo ndisanaone pepala la chilolezo ndi maso anga.

Kapitawo wa zomanga:
Zikomo kwambiri nonse. Mawa ndiitana woyeza malo atipimire msinkhu wa pamalopo, kenako kalata ipite. Kireni ndaiimitsa kaye kubwera, abwana ndikawafotokozera za mamita 40 aja.