Chinkhwe changa chikukana kukwera pamkono ndikapanda mbewu

Moni nonse abale. Ndili ndi chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, chija amati African grey, chomwe malume anandisiyira pochoka kuno ku Johannesburg kubwerera kumudzi. Ndakhala nacho miyezi itatu.

Ndimachiphunzitsa m'mawa chisanadye, mphindi 5 zokha. Ndikaloza kamtengo, chikakagunda ndi mlomo ndimati "eya!" kenako ndimachipatsa kanjere ka mpendadzuwa. Izi chinagwira msanga, ndipo pano chimakweranso pamkono. Koma nchochenjera zedi. Chisanakwere chimapendeketsa mutu nkumasuzumira m'dzanja langa ndi diso limodzi. Chikaona mulibe kanthu, chimabwerera m'mbuyo, nthenga zitanyankhalala. Dzulo ndinachikakamiza pang'ono ndipo chinandiluma chala mpaka magazi. Kuchimenya sindingayerekeze.

Ndiye inu amene mwasungapo mbalamezi, mumachepetsa bwanji mphothoyi kuti chizimvera ngakhale m'manja mulibe chakudya? Ndiyambe kupatsa modumphadumpha, kapena ndafulumira? Nkhawa yanga ndi yakuti njere za mpendadzuwa zili ndi mafuta ambiri, ndipo mtedza ndimauopa chifukwa cha chuku. Mapeyala ndi chokoleti sindichipatsa, ndikudziwa kuti ndi poizoni kwa zinkhwe.

Linanso ndi phokoso. Chikayamba kukuwa, akazi anga amathamanga kukachipatsa kachidutswa ka apulo kuti chitonthole, poti eni nyumba anadandaula kale. Ine ndikuona ngati tikuchilipira chifukwa chokuwa, iwo akuti ndine wouma mtima. Akulakwa ndani apa?