Kodi mtengo wa dogwood wofiira ungamere ku Nchalo?

Mayi wa ku Nchalo:
Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Virginia, m'dziko la America, ananditumizira chithunzi cha mtengo wotchedwa dogwood umene uli pakhomo pomwe amakhala, ndipo m'mwezi wa Epulo mtengowo unali utafiira wonse ndi maluwa, masamba asanaphuke. Chithunzicho ndimachiyang'ana madzulo alionse, moti mtima wanga ukufunitsitsa kudzala mtengo womwewo kumaso kwa nyumba imene iye anandimangira. Akuti adzandibweretsera njere zake pa Khirisimasi. Kodi ndidzazifese bwanji, nanga kuthirira kwake n'kotani?

Bambo wa ku Ngabu:
Mayi, ndikuyankhani mosabisa mawu, chifukwa sindikufuna kuti mudzavutike pachabe. Mtengo umenewu kwawo ndi kunkhalango za kum'mawa kwa North America, kumene umamera pamthunzi wa mitengo ikuluikulu. Kukayamba kuzizira umayoyola masamba onse n'kugona kwa miyezi ingapo, ndipo kuzizira kumeneko ndi kumene kumachititsa kuti udzachite maluwa bwino kukayamba kufunda. Chisanu chathu cha Juni ndi Julayi, chimene munthu amavala juzi m'mawa n'kuivula dzuwa likangokwera, sichingaukwanire. Kenako ganizirani dzuwa la Okutobala, pamene kutentha kuno kuchigwa kumapitirira madigiri 40: mizu ya dogwood imayenda pamwamba penipeni pa nthaka, choncho dothi likangotentha ndi kuuma, masamba amayamba kupserera m'mbali.

Za njerezo pali zinthu ziwiri. Sizimera pokhapokha zitakhala pamalo ozizira ndi achinyezi, monga mufiriji, kwa miyezi pafupifupi itatu. Komanso njere za mtengo wofiira kawirikawiri zimabala mtengo wa maluwa oyera, pakuti mitundu yofiira, monga Cherokee Chief, amaichulukitsa pomezanitsa, monga timachitira ndi mango. Mukachiyang'anitsitsa chithunzi chanucho mudzaona kuti chofiiracho ndi timasamba tinayi, ndipo maluwa enieni ndi tinthu tating'ono tachikasu tounjikana pakati.

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Ngabu, ndipo ndiwonjezerepo nkhani ya dothi. Dogwood amafuna dothi la asidi pang'ono, la pH (muyeso wa asidi m'dothi) ya pakati pa 5.5 ndi 6.5, lofewa ndiponso losasunga madzi. Makande athu amang'ambika m'chilimwe, mvula ikagwa amasanduka chithaphwi, ndipo madzi a m'mijigo yambiri kuno ndi amchere. Dothi lofiira la ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene amalima tiyi, ndi limene layandikirako. Mumuuzenso mwanayo kuti kulowetsa mbewu m'dziko muno kumafuna chilolezo cha boma.

Agogo a ku Nsanje:
Mwanawe, ndamva kuti chimene chakugwira mtima ndi kufiira kwa mtengowo pakhomo pako, ndipo kufiira kumeneko kuno kuliponso. Dzala mtengo wotchedwa flamboyant. Unachokera ku Madagascar, dzuwa lathu suliopa, ndipo mvula yoyamba ikamayandikira umafiira ngati moto, pansi ponse n'kuyalika maluwa. Njere zake n'zolimba kwambiri, choncho uzikhule pamwala pang'ono kapena uziviike m'madzi otentha n'kuzisiya momwemo usiku wonse usanazifese m'machubu. Uwokere mvula ikakhazikika, patali ndi nyumba, mwina mapazi khumi ndi asanu, chifukwa mizu yake imatambalala ndipo imatha kung'amba khonde la simenti. Woyamba umene ndinadzala ine unadyedwa ndi mbuzi usanafike ndi m'chiuno momwe, ndipo zinandipweteka kwambiri. Wachiwiri ndinautchingira ndi minga ya masawu, ndikumauthirira ndowa imodzi madzulo m'chilimwe choyamba, ndipo lero adzukulu anga amadyera nsima pansi pake. Udzafunika kudikira zaka zingapo usanaone maluwa.

Mayi wa ku Nchalo:
Zikomo kwambiri nonsenu. Sindibisa, ndakhumudwa pang'ono, chifukwa ndinkafuna kuti ine ndi mwana wanga tiziyang'ana mtengo wofanana ngakhale tili kutali. Ndamuimbira foni kuti njerezo azisiye. Agogo, pafupi ndi tchalitchi chathu pali flamboyant wamkulu amene zikhokhombe zake zauma kale, ndipo Lamulungu likubwerali ndikapempha kwa akuluampingo kuti nditoleko.